Nyale ya a Duane m'Kanyumba Kamdima

Loweruka pa 15 Januwale 2022, nthawi ili 7:12 m'mawa, a Duane Tollefson anayatsa nyale ya kuchipatala m'kanyumba kamdima ka alamu awo, a Reino Salmela, pamadzi oundana a nyanja yathu kuno kumpoto kwa Minnesota. M'kanyumbamo munali musanayakepo nyale kwa zaka 31.

Kanyumbako kalibe zenera, ndipo mkati munapakidwa penti yakuda. Pansi pali dzenje lalikulu loboola madzi oundanawo. Munthu amakhala mumdima, mkondo uli pafupi, n'kumasuzumira, poti mdima wa pamwamba ndiwo umaonetsa za pansi. A Reino anali atadikirira nsomba imodzi kwa nyengo zitatu zozizira, paiki yaikulu imene anaitcha Apongozi, chifukwa imabwera, kuyang'ana zonse osakhutira, n'kubwerera.

A Duane anali asanapondeko kunyanja nyengo imeneyo. Kuyambira pa 4 Novembala, masiku atafupika, anasiya kudzuka, anasiya kuseka, telefoni osayankha. Pa 20 Disembala dokotala anati ndi matenda a nyengo yamdima, n'kuwalembera nyale yowala kwambiri, mphindi 30 m'mawa uliwonse. Akazi awo a Marlys, mlongo wawo wa a Reino, anawalola kubwerera kunyanja ndi lamulo limodzi: akadumphitsa nyaleyo tsiku limodzi lokha, za kunyanja zatha mpaka chaka chamawa.

"Mayo, maso anga!" anakuwa a Reino, akukokera chipewa kumaso. "Alamu, n'chiyani chimenecho? Mwanyamula dzuwa m'chikwama?"

"Ndi nyale, alamu."

"Ndaona kuti si mbatata. Zimitsani!"

A Duane anayang'ana kawotchi ka panyalepo. "Patsala mphindi 29."

"Nanga osayatsa kwanu bwanji?"

"Munaliza hutala wa galimoto 6:20. Munati, 'Tulukani mmene mulilimo.' Ndinatuluka mmene ndinalili. Mkati mwa ovololoyi ndavala zogonera."

"Koma abale! Kanyumba kano timakatcha chiyani?"

"Kanyumba kamdima."

"Ndiye?"

A Duane anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, n'kulitambasula pabondo. "Pepala la adokotala silikunena za dzina la nyumba. Likuti, 'Khalani pamalo pamene mumamasuka.' Ine ndimamasuka muno."

A Reino anakhosomola, ngakhale analibe chifuwa.

"Tamverani," anatero, mawu atatsitsa ngati pali wina womvetsera pa nyanja yonseyo. "Mukafika kunyumba mukamuuze Marlys kuti munayatsa."

"Ndayatsadi."

"Eya! Basi, zimitsani tsono."

"Alongo anu safunsa ngati ndinayatsa. Amafunsa mphindi."

"Mukanene 30."

"Zikakwana ndikanena."

"Zaka 38 muli pabanja, simunamunamizepo mlongo wangayo?"

"Kamodzi. Ndinati keke yawo ya karoti ndi yokoma."

"Mwaona! Ndiye chinachitika n'chiyani? Munafa?"

"Ndaidya pa tsiku lobadwa lililonse kuyambira 1986."

Nthawi ili 7:19, a Reino anavula jekete n'kuiponya panyalepo. Mdima unabwerera. A Duane anachotsa jeketeyo bwinobwino, kuipinda, kuibweza kwa mwini wake, kenako anadina kabatani kawiri.

"Mwatani pamenepo?"

"Ndayambiranso."

"Mwayambiranso chiyani?"

"Mphindi 30."

"Zisanu ndi ziwiri zija zapita kuti?"

"Pepala likuti 30, alamu. Silikuti 7 kenako 23."

"Asa! Ndiye ndikaphimbanso?"

"Ndiyambiranso."

"Mpaka liti?"

"Mpaka batire litatha. Likatha mphindi zisanakwane, ndikanena kunyumba kuti sizinakwane."

A Reino anatembenuka kuyang'ana khoma. Khomalo linali lakuda, koma nyaleyo inkaonetsa chilichonse: misomali, ndodo yopachikapo kansomba kamtengo konyengerera paiki, ndi kalendala ya 2009 imene aliyense ankaganiza kuti inatayika.

"Taonani dzenjelo," anadandaula a Reino. "Ndikuonamo chiyani? Nkhope yanga! Ndadzuka 5 koloko, kunja kukuzizira madigiri 18 pansi pa ziro, kudzaona nkhope yanga?"

"Mwakalambadi."

"Sindinakufunseni. Tulukani nayo panja nyale yanuyo."

"Panja batire limafa ndi kuzizira. Zalembedwa pabokosi."

"Ndiye pitani nayo kulikonse kumene kuli anthu okonda kuwala! Ku Florida kwa dzuwa kuja! Kumwamba! Kwanu!"

A Duane anaganiza pang'ono. Pa malo atatuwo anasankha apafupi. Nthawi ili 7:30 anazimitsa nyale, kukulunga chingwe chake, n'kuyamba kufunafuna magolovesi mumdima.

"Mukutani kodi?"

"Mwati ndipite kwathu. Ndi makilomita asanu ndi limodzi. Ndikayenda mofulumira ndikafika m'mawa usanathe."

"Ndiye mubweranso nthawi yanji?"

"Alongo anu akaona ndabwera wapansi, sindibweranso."

"Ndani wanena zoti mupite, inu? Khalani pansi!"

"Mwanena ndinu."

"Munthu akamalankhula si kuti wanena! Khalani pansi, mukutsegula chitseko, mukulowetsa mphepo."

A Duane anakhala pansi. Nthawi ili 7:33 anadina kabatani kawiri.

"Mwayambiranso."

"Eee."

A Reino anathira khofi wa m'fulasiki, kumwa, n'kuloza nyaleyo ndi kapu. "Ndikuuzeni zoona, alamu, poti ndinu wanga. Matenda anuwa dzina lake lenileni ndi ulesi. Atate athu anagwira ntchito mumgodi wa chitsulo zaka 34. Ankalowa kusanache, kutuluka kutada. Dzuwa ankaliona Lamlungu lokha. Munamvapo kuti anafuna nyale?"

"Anali nayo pachipewa."

"Imeneyo inali yoonera njira!"

"Koma inkayaka tsiku lonse. Ine ndi mphindi 30 zokha."

"Munthu wamwamuna akafooka, mankhwala ake ndi mpweya ndi nsomba. Ndioneni ine. Chiyambire Novembala ndili muno tsiku lililonse, ndekha, mumdima. Ndadwala?"

A Duane anatembenuza pepala lija. Kuseri kwake kunali mndandanda.

"Adokotala anandifunsa mafunso awa. Ndikufunseni?"

"Ayi."

"Loyamba. 'Kodi mumakonda kukhala nokha mumdima?'"

"Kumeneko ndi kusodza!"

"Ndichonga. Lachiwiri. 'Kodi mumagona kwambiri masana?'"

"Sindigona muno ine."

"Pakona apo pali pilo."

"Ndi wa msana."

"Ali ndi dzenje la mutu."

"Musamaone zinthu za eni! Mwaona kuipa kwa nyale?"

"Lachitatu. 'Kodi mumalakalaka za shuga ndi za ufa?'" A Duane anatsegula bokosi limene linali pansi pa benchi. "Madonasi amagulitsa khumi ndi awiri. Muno mwatsala awiri."

"Ndinasungira inu."

"Zikomo. Lachinayi. 'Kodi mumapsa mtima msanga?'"

"NDANI AKUPSA MTIMA?"

A Duane anachonga ndi pensulo, osakweza mutu.

"Lomaliza. 'Kodi munasiya kusangalala ndi zinthu zimene munkazikonda?'"

"Pamenepo ndiye mwagwa nayo. Ndili pano, si choncho? Mkondo uwo."

A Duane anayang'ana mkondowo. Unali wotsamira pakhoma, mano ake asanu ndi awiri atavekedwa chikopa, chikopacho chitamangidwa ndi kachingwe.

"Mfundo iyo ndi yanga," anatero. "Ndinamanga ine pa 28 Febuluwale chaka chatha, tsiku lotseka nyengo. Inu simumanga choncho."

A Reino anathiranso khofi m'kapu.

"Ndiye kuti Apongozi sanabwere nyengo ino?" anafunsa a Duane.

"Anabwera."

"Kangati?"

"Kanayi. Mu Disembala."

"Simunalase bwanji?"

A Reino anazunguza kapu m'manja. "Ndikanalasa, ndikanauza ndani? Mphaka? Inu telefoni simunkayankha."

A Duane ananyowetsa pensulo ndi lilime.

"Ndichonge?"

"Mukachonga ndikuponyani m'dzenjemo! Ndipo chinthu ichi chichoke kumaso kwangaku!"

Nthawi ili 7:48, a Reino analanda nyaleyo n'kuikoloweka pamsomali wa pamwamba pa dzenje, nkhope yake itayang'ana pansi. Kanyumbako kanachita kamdima pang'ono. Madziwo ndiwo anawala mobiriwira mpaka pansi penipeni, mamita atatu: mchenga, udzu wa m'madzi, ndi supuni imene a Duane anagwetsa mu 2015.

"Supuni yanga ija," anatero a Duane. "Koma alamu, ikayang'ana pansi mphindi zanga sizikuwerengeka. Ndiyenera kuya—"

"Shhh!"

"Pepala likuti kuwala kuzifika ku—"

"Khalani chete, inu! Taonani!"

Nthawi ili 7:50, kuchokera kumbali ya kumpoto kwa dzenjelo, kunatulukira mlomo wautali, kenako maso, kenako thupi limene linkangobwerabe osatha. Nsombayo inadutsa kansomba kamtengo kaja osakayang'ana n'komwe. Inakwera pang'onopang'ono n'kuima pansi pa nyale, zipsepse zikugwedera.

"Apongozi," ananong'ona a Reino. "Ambuye wanga. Anenepa."

Anatambasula dzanja kumbuyo, kugwira mkondo, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ija ndi mano.

"Simungalase," ananong'ona a Duane.

"Bwanji?"

"Kabuku ka layisensi kamaletsa kulasa nsomba poiunikira ndi nyale."

"Ndani akuona?"

"Ine."

"Inu ndinu mlamu wanga!"

"Akandifunsa ndinena."

"Akufunsani ndani pakati pa nyanja?"

"Alongo anu amafunsa zonse."

A Reino analuma chikopa chija mwaukali. "Chabwino. Zimitsani, ndilase mwalamulo."

A Duane anakweza dzanja.

"Iyayi, dikirani! Mukazimitsa maso anga sadzaona kanthu kwa mphindi zisanu. Adzakhala atapita."

A Duane anatsitsa dzanja.

"Koma ikamayaka sindingalase. Zimitsani."

Dzanja linakwera.

"Musakhudze!"

"Alamu, ndizimitse kapena ndisazimitse?"

"Zonse ziwiri! Aaa, sindikudziwa! Ingokhalani choncho, dzanja m'mwamba."

A Duane anakhala choncho, dzanja m'mwamba, n'kusuzumira m'dzenjemo. Anayang'ana nsomba, anayang'ana pepala, anayang'ananso nsomba.

"Atalikirana ndi nyale mkono umodzi," anatero. "Ndi mmene alembera."

"Ndiye?"

"Maso ndi otsegula. Sakuyang'ana nyale mwachindunji, ayipatsa mbali. Alamu, awa akutsatira pepala kuposa inu."

"Nsomba ilibe zikope, munthu inu!"

"Ndiye sangabere n'komwe."

"Mukufuna kunena kuti Apongozi akudwala matenda anu?"

"Pansipa kwakhala kuli mdima chiyambire Novembala. Amakhala okha. Chakudya mwawaikira icho, sanachiyang'ane. Nkhope mukuionayo." A Duane anatsitsa dzanja n'kutenga pensulo. "Zitatu ndachonga kale."

Pamenepo a Reino anatulutsa phokoso limene poyamba a Duane analiyesa chifuwa. Linali phwete. Anayesa kulitsekera m'golovesi, linatulukira m'mphuno. Mapewa ankagwedera, benchi inkagwedera, misozi inkatsikira m'ndevu.

"Musandiseketse, muwathawitsa! Taonani nkhopeyo. Ndi amayi anu enieni tsiku la ukwati wanu, akuyang'ana nsapato zanga."

"Amayi anali ndi mano ochepa."

"Mayo, nthiti zanga! Siyani!"

Anagwada onse awiri m'mphepete mwa dzenje, mitu itagundana, kuwala kwa m'madzi kukuwamenya kumaso. A Reino anawerenga mawanga a pamsana pa nsombayo n'kufika 40. Anaonetsa chipsera cha pamchira n'kunena kuti chinali cha mkondo wawo wa mu 2019. A Duane anati mu 2019 mkondowo unalasa mchenga, iwo analipo. Anakangana monong'ona za utali wake: a Reino anati mainchesi 46, a Duane anati 41. Pa mphindi khumi ndi zitatu zimenezo a Reino analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhula mu Disembala yense.

Nthawi ili 8:03, kawotchi kanalira katatu ndipo nyale inazima yokha. Maso atazolowera mdima, m'dzenjemo munali kansomba kamtengo ndi supuni basi.

"Apita," anatero a Reino.

"Anachedwa kufika. Apeza mphindi 13 zokha."

"Yatsaninso."

"Mwati?"

"Yatsaninso, iyang'ane pansi. Mwina sanapite patali."

A Duane anayang'ana timagetsi ta pabatire. Pa tinayi, kamodzi kokha ndiko kankayaka.

"Batire latsala la ulendo umodzi," anatero.

"Eya, ulendo umodziwo ndi umenewo. Pansi!"

"Ikayang'ana pansi, ine lero ndili ndi 7, 11 ndi 15. Palibe 30."

"Kuphatikiza ndi 33! Mwapitirira!"

"Pepala silikuphatikiza."

"Ndiye mukanena chiyani kwa Marlys?"

"Ndikanena kuti sizinakwane, nyale inali ndi nsomba."

"Iye akati?"

"Akati za kunyanja zatha."

"Nyaleyi?"

"Izikhala patebulo la kukhitchini, pafupi ndi ine."

"Mawa muno mudzakhala ndani?"

"Inu ndi pilo."

A Reino anayang'ana dzenje, anayang'ana pilo, anayang'ana mthunzi wa alamu awo amene anali atayamba kale kufufuza magolovesi.

Kenako anaimirira, kuchotsa nyale pamsomali, kuwagwira a Duane pakolala n'kuwakhazika pabenchi. Anayeza mkono umodzi kuchokera pamphuno pawo, kukhazika nyaleyo pabokosi la madonasi, kuipendeketsa pang'ono, n'kudina kabatani kawiri. Iwonso anakhala pabenchi yomweyo, phewa kwa phewa, wotchi yawo atayivula n'kuiika pabondo.

"Alamu, kuwala kukukufikani kumaso," anatero a Duane.

"Ndikuyang'anira wodwala."

"Koma kanyumba kano n'kamdima."

"Pepala silikunena za dzina la nyumba! Maso otsegula, alamu. Mukaphethira, mukayetsemula, mukadumpha mphindi imodzi yokha, wokakunenezani kwa Marlys ndine."

Mphindi 30 zinakwana 8:39. Batire linatha 8:41.

Lero ndi pa 21 Febuluwale, ndipo nyengo yolasa nsomba itsekedwa Lamlungu pa 27. Chiyambire tsiku lija a Duane sanadumphitse m'mawa uliwonse, ndipo hutala wa a Reino amalira pakhomo pawo 6:20. A Reino anagula batire lachiwiri, ndipo akuti si lawo, ndi la Apongozi. Pilo anabwerera kunyumba. Mfundo ya pamkondo sinamasulidwebe.

Batire lachiwirilo silinagwirebe ntchito, chifukwa a Duane akukana kulozetsa nyale m'madzi asanamve za lamulo. Pa 18 Januwale analemba kalata ku ofesi yoyang'anira za nsomba, kufunsa ngati kuunikira paiki yodwala kumawerengedwa ngati kuikopa kapena kuichiritsa. Apongozi abwera kasanu ndi kamodzi kudzaima pansi pa msomali uja, kuyang'ana m'mwamba, n'kubwerera osakhutira. Yankho silinafikebe.